Chinamwali cha Aapache: Mwana Wovinidwa ndi Mtundu Wonse

Kum'mawa kwa chigawo cha Arizona, m'dziko la America, kuli mapiri a mitengo ya paini komwe kumakhala Aapache a ku White Mountain. Likulu lawo ndi tauni ya Whiteriver. Nyengo yotentha ikafika, kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala, ng'oma zimamveka m'midzi yawo pafupifupi sabata iliyonse. Ndiyo nyengo ya Na'ii'ees, chinamwali cha mtsikana amene watha msinkhu, chomwe chimatenga masiku anayi.

Ntchito imayamba kudakali miyezi yambiri. Banja limasonkhanitsa ndalama ndi chakudya chodyetsa khamu la anthu, limapeza sing'anga wodziwa nyimbo za mwambowu, kenako limasankha phungu. Phunguyo amakhala mayi wa mbiri yabwino, wolimbika pantchito, ndipo sakhala wa pfuko la mtsikanayo. Pokamupempha, amakaika nthenga ya chiwombankhanga pamapazi ake. Akaitola, ndiye kuti wavomera, ndipo kuyambira tsiku limenelo mabanja awiriwo asanduka abale mpaka imfa. Pamwambo amamanga misasa iwiri, n'kumapatsana zakudya ndi mphatso.

Lachisanu madzulo namwali amavekedwa chovala cha chikopa cha nyama yam'tchire, nthenga m'tsitsi ndi kachigoba konyezimira ka nkhono ya m'nyanja pamphumi. Amapatsidwanso ndodo yokhala ndi timabelu. Ndodoyo aisunge, chifukwa ndi yomwe adzayendere akadzakalamba. Akulu amakhala akumuuza mwana wa zaka 12 kapena 13 kuti akumuyembekezera kudzafika pa ukalamba.

Loweruka mbandakucha, namwali amaima pachikopa atayang'ana kum'mawa. Kumbuyo kwake kumakhala sing'anga ndi amuna oimba ng'oma. Amavina kwa maola pafupifupi 6, akugunditsa ndodo pansi motsatira ng'oma, ndipo dzuwa likamatuluka kuwala kwake kumagwa pa kachigoba ka pamphumi kaja. Aapache amakhulupirira kuti m'masiku amenewa mwa iye mumalowa mphamvu ya mayi woyamba wa mtundu wawo, amene ankati akakalamba n'kubwereranso kuutsikana.

Kenako amagwada n'kumaweyulira thupi uku ndi uku, manja atakweza. Akatero amagona chafufumimba, ndipo phungu amamusisita mapewa, msana ndi miyendo, kumuumba kuti akhale mayi wamphamvu. Ndodo ija amaizika patali, iye n'kumathamanga kukaizungulira, kum'mawa, kum'mwera, kumadzulo ndi kumpoto, anthu akumutsatira pambuyo. Pomaliza amamukhuthulira pamutu dengu la chimanga, maswiti ndi timakobidi, anthu n'kumatola ngati madalitso. Ndiye pamabwera mzere wautali: agogo, amalume, anzake a kusukulu, aliyense ndi mungu wachikasu m'zala, kumuwaza pamutu ndi pamapewa akumupempherera. Usiku kumatuluka a Gaan, ovina obisa nkhope oimira mizimu ya m'mapiri, ndipo Lamlungu namwali amapakidwa dothi losakaniza ndi ufa wa chimanga.

Miyendo imanjenjemera, ena misozi imatsika, koma sakhala yekha ngakhale mphindi imodzi. Pambali pake pamakhala mnzake kapena phungu womuchirikiza, kumbuyo kwake mudzi wonse ukuvina naye.

Mwambowu unadutsa m'minga. Mu 1883 boma la America linakhazikitsa malamulo oletsa miyambo ya eni nthaka, ndipo ana ambiri anatengedwa kukaikidwa m'sukulu zogonera komweko, kumene ankalangidwa akayankhula chinenero chawo. Ufulu wa chipembedzo chawo unavomerezedwa ndi lamulo mu 1978. Mabala a zaka zimenezo, pamodzi ndi umphawi, ulova ndi uchidakwa, anasiya achinyamata ambiri opanda chogwira, moti kudzipha kunafika posautsa mtundu wonse.

Mu 2001 bwalo la atsogoleri a mtunduwu linakhazikitsa lamulo loti aliyense woganiza kapena woyesa kudzipha alembedwe m'kaundula kuti adziwike kwa anthu oti amuthandize. Mogwirizana ndi yunivesite ya Johns Hopkins, anayambitsa ntchito yotchedwa Celebrating Life. Uthenga ukafika kuchokera kwa mphunzitsi, wapolisi, wachipatala kapena wachibale, amene amapita kukamuona munthuyo ndi Mwapache mnzake wophunzitsidwa ntchitoyi. Amacheza naye, n'kumulumikiza ndi chipatala, tchalitchi kapena sing'anga wa makolo, malinga ndi chimene mwiniwake akukhulupirira. Agogo nawonso amalowa m'makalasi kukaphunzitsa ana chinenero, mafuko awo ndi kupatulika kwa moyo.

Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti imfa zodzipha pakati pa Aapachewa zinatsika ndi 38 peresenti: kuchoka pa anthu 40 mwa 100,000 alionse m'zaka za 2001 mpaka 2006, kufika pa anthu pafupifupi 25 m'zaka za 2007 mpaka 2012. M'nyengo yomweyo chiwerengero cha dziko lonse la America sichinatsike.

Si ng'oma zokha zinachita zimenezi. Panafunika lamulo, madokotala, kaundula ndi anthu oyenda khomo ndi khomo. Koma lamulo lotere limagwira msanga pakati pa anthu amene anazolowera kale kuti mwana akatopa pabwalo, wina wosakhala mayi ake amamugwira mkono. Ife a kuno, amene timadziwa ntchito ya phungu ndi nankungwi, tisalole kuti udindo wawo uzithera tsiku lotulutsa anamwali. Mwana amene munamuvinira, kamuoneni, mumufunse za mumtima mwake, ndipo akanena zodzipha musamudzudzule: khalani naye, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.