Wophunzira wa ku Romford ndi wa kwathu: aliyense ali ndi chophunzitsa mnzake

Romford ndi tawuni ya kum'mawa kwa mzinda wa London, m'dera la khonsolo ya Havering. Msika wake unayamba mu 1247 ndi chilolezo cha mfumu Henry III, ndipo mpaka lero amalonda amayala katundu wawo pabwalo lomwelo Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka. Achinyamata a m'tawuniyi, monga anzawo m'dziko lonse la Britain, amamva uthenga umodzi kusukulu, pa wailesi ndi pa intaneti: chepetsani zinyalala, gwiritsaninso ntchito zomwe muli nazo, musawononge madzi ndi magetsi. Mukaika malangizo amenewa pambali pa moyo wa wophunzira wa ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, mupeza kuti zambiri zomwe kumeneko akuziphunzira ngati nzeru zatsopano, ife tinakulira momwemo. Mupezanso kuti pali zina zomwe atiposa nazo kutali.

Tiyambe ndi kayendedwe. Mwana wa sukulu wokhala mu London amakwera basi ulere akakhala ndi khadi ya Zip Oyster, ndipo wophunzira wa zaka 18 kupita m'tsogolo amamuchotsera 30 peresenti pa matikiti a sabata kapena a mwezi. Sitima za Elizabeth line zimaima pa siteshoni ya Romford n'kukatula anthu pakati pa mzinda. Kuyambira pa 29 August 2023, galimoto yakale yotulutsa utsi wambiri imalipira mapaundi 12.50 pa tsiku ikayenda m'madera onse a London, kuphatikizapo Havering. Choncho kusiya galimoto n'kukwera basi kumeneko n'kophweka komanso kotsika mtengo. Kwathu wophunzira amayenda wapansi, amapalasa njinga kapena kukwera kabaza, ndipo utsi wochokera pa ulendo wake ndi wochepa zedi. Chosiyana n'chakuti iye amayenda m'mphepete mwa msewu wopanda njira ya oyenda pansi, akuzemba maminibasi. Khalidwe labwino tili nalo, koma palibe amene analikonzera malo.

Pa zovala ndi pomwe maiko awiriwa amakumana maso ndi maso. Ophunzira a ku Britain amalimbikitsidwa kugula m'masitolo a mabungwe achifundo monga Oxfam ndi British Heart Foundation, kumene anthu amakasiya zovala zomwe atopa nazo. Zambiri zomwe sizigulidwa kumeneko zimamangidwa m'mabelo n'kutumizidwa kunja, ndipo zina zimafika ku Africa kuno. Ndiye kaunjika amene timasankha ku Limbe ndi ku Lilongwe. Wophunzira wathu akagula buluku lalikulu m'chiuno, amapita nalo kwa telala wa pakhonde kuti alibweze. Nsapato ikamasuka, wosoka ali pansi pa mtengo ndi ulusi wake. Foni ikafa, pamsika pali mnyamata amene aitsegule n'kuikonza. Ku London kukonzetsa chinthu nthawi zambiri kumadula kuposa kugula chatsopano, n'chifukwa chake magulu a anthu ongodzipereka ayamba kukumana kuti aphunzitsane luso lokonza, lomwe kwathu lili pakhonde lililonse la sitolo. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anapanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotayidwa komanso ziwalo za njinga ali mnyamata wosiyira sukulu panjira chifukwa cha fizi. Luso lake linamera m'dziko lomwe chinthu sichitayidwa msanga.

N'chimodzimodzi ndi chakudya. Mabanja a ku Britain amataya matani mamiliyoni angapo a chakudya chaka chilichonse, ndipo ophunzira amachita kulangizidwa kuti azigula zokwanira ndi kusunga zotsala. Mwana wa ku Malawi amadziwa mkute asanayambe sukulu. Anaona amayi ake akufutsa nkhwani ndi chitambe n'kuyanika pamphasa kuti mfutso udzathandize m'chilimwe. Gaga amapita kwa nkhuku, makoko a nthochi kudzenje la manyowa. Zovala timachapa pamanja n'kuyanika padzuwa, pomwe ku Britain ambiri amadalira makina oumitsira odya magetsi.

Koma tisadzitame msanga. Pa nkhani ya zinyalala, Romford ili patsogolo. Khonsolo ya Havering imapereka matumba a mtundu wa olenji oikamo mapepala, zitini ndi mabotolo a pulasitiki, ndipo galimoto imabwera kudzatenga pa tsiku lodziwika. Ku England jumbo ya m'sitolo inayamba kulipiritsidwa 5 pence mu 2015, mtengo unakwera kufika 10 pence mu 2021, ndipo anthu anazolowera kunyamula chikwama chawo. Malawi analetsa mapulasitiki opyapyala chaka chomwecho cha 2015, bwalo la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma makampani anapitiriza kukokana ndi boma m'makhoti kwa zaka zambiri. Zotsatira zake tikuziona mu mtsinje wa Mudi ku Blantyre ndi m'ngalande zotsekeka za m'matauni athu. Wophunzira yemweyo amene sataya mkute amagula chipisi mu jumbo, n'kuiponya pansi akangomaliza kudya.

Bala lina lalikulu ndi makala. Ophunzira ambiri ochita lendi kunja kwa sukulu amaphikira pa mbaula, chifukwa magetsi ndi osadalirika ndipo gasi sakumukwanitsa. Thumba lililonse la makala ndi mitengo yogwa m'malo ngati ku Dzalanyama kapena ku Neno. Namondwe wa Freddy atafika mu March 2023, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse munafa anthu oposa 1,000. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi.

Nanga wophunzira wathu angachite chiyani osadikira boma? Anthu anayi okhala nyumba imodzi aziphika mphika umodzi m'malo moyatsa mbaula zinayi. Nyemba zikagonera m'madzi zimapsa msanga, ndipo mphika wovundikira sudya makala ambiri. Ophikira nkhuni ayese Chitetezo Mbaula. Popita kumsika tinyamule dengu kapena chikwama cha nsalu, madzi akumwa tiziika m'botolo lomwelo tsiku ndi tsiku. Nyengo yodzala mitengo ikafika, kuyambira December mpaka April, kalasi iliyonse isamalire mbande zake mpaka zikule, chifukwa kudzala kokha sikokwanira.

Choopsa chachikulu n'chakuti tiziona kukonzetsa nsapato, kuyenda wapansi ndi kudya mkute ngati zizindikiro za umphawi zoyenera kuzithawa tikangolandira digiri. Anzathu a ku Romford akuvutika kubwerera kumene ife tili kale. Kwa iwo titengeko dongosolo ndi malamulo ogwiradi ntchito, ndipo tiumirize makhonsolo athu kuti azichotsa zinyalala. Koma inu ophunzira, zomwe anakuphunzitsani makolo anu musazichitire manyazi. Muzisunge ngakhale mutadzayamba kulandira malipiro, ndipo mudzaphunzitse ana anu.