Kodi turbo ingalimbitse njinga ya kabaza?

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, misewu ya ku Chamama, Santhe ndi Nkhamenya imadzaza njinga zamoto zonyamula katundu wolemera. Belo limodzi la fodya limafika makilogalamu pafupifupi 100, ndipo njinga ya 125cc kapena 150cc imalira pokwera mtunda nalo, ngakhale ikungolifikitsa pamsewu pomwe galimoto yopita ku Chinkhoma yaima. Anyamata amene amaonera mavidiyo pa foni amafunsa kuti: bwanji osaimangira turbo monga amachitira anzathu akunja m'magaraja awo? Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tidzalimva funsoli m'kalasi ya sayansi, choncho tiyeni tilione bwino.

Injini imapeza mphamvu poyatsa petulo wosakanikirana ndi mpweya. Kuti petulo apse bwino, gilamu imodzi ya petulo imafuna magilamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Kuthira petulo wambiri popanda kuonjezera mpweya kumangotulutsa utsi wakuda. Kuno ku Kasungu tili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wathu ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposerapo. Ndiye chifukwa chake njinga yomweyo imaoneka ya nyonga ikatsikira ku Nkhotakota.

Turbo imathetsa vuto limeneli pokankhira mpweya wambiri mu silinda. Ili ndi mafani awiri olumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi. Utsi wotentha wotuluka mu injini umazunguliza fani yoyamba, ndipo yachiwiri imakoka mpweya wakunja n'kuupanikizira mkati. Mpweya ukachuluka, petulo amatha kuchuluka, mphamvu nayo n'kukwera. Nzeruyi si yatsopano. Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905. Makampani a ku Japan anaiyesapo pa njinga zamoto: Honda CX500 Turbo ndi Yamaha XJ650 Turbo zinatuluka mu 1982, kenako Suzuki XN85 ndi Kawasaki GPz750 Turbo. Patangopita zaka zochepa onse anasiya. Njingazo zinali zodula, zolemera ndi zovuta kukonza, ndipo mphamvu inkabwera mochedwa kenako mwadzidzidzi. Ngati makampani okhala ndi akatswiri ambiri anabwerera m'mbuyo, ndi bwino tidziwe chinawabweza.

Vuto loyamba ndi kukula. Turbo zimene tingazipeze kwa ogulitsa zitsulo zakale ndi za magalimoto a dizilo a 2,500cc kapena kuposa. Utsi wa injini ya 150cc sungaizungulize mokwanira. Komanso injini ya silinda imodzi imatulutsa utsi kamodzi kokha pa kuzungulira kuwiri, kotero fani imalandira mpweya modukizadukiza.

Lachiwiri ndi oyilo. Turbo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, ndipo kachitsulo kake kamayandama pa oyilo wopanikizidwa. Pampu ya njinga zazing'ono inapangidwira injini yokha. Oyilo akachepa kapena akalowa fumbi la mu Okutobala, turbo imauma n'kugwira.

Lachitatu ndi kutentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo petulo amayamba kuphulika yekha nthawi isanakwane. Amakaniko amati injini ikugogoda. Kugogodako kumaboola pisitoni. Amene amamanga turbo mwaluso amasintha pisitoni kuti kupanikiza kuchepe, amaika choziziritsa mpweya, amachedwetsa moto wa pulagi, ndipo nthawi zambiri amachotsa kabureta n'kuika makina opopera petulo oyendetsedwa ndi kompyuta. Njinga zathu zimazizira ndi mphepo yokha, ndipo pamene zanyamula katundu zimayenda pang'onopang'ono, nthawi imene mphepoyo ndi yochepa. Mukawerengera zonsezi, ndalama zake zikhoza kuposa mtengo wa njingayo.

Lachinayi ndi limene limakhudza moyo. Mphamvu ikaonjezeka, mabuleki, tcheni, matayala ndi felemu zimakhala zomwe zija. Tinaphunzira ku sekondale kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuiletsa imawirikiza kanayi. Njinga yothamanga makilomita 80 pa ola imafuna mtunda wochuluka kanayi kuti iime poyerekeza ndi yothamanga 40. Pamsewu wa M1, pomwe pamadutsa ana asukulu, ngolo ndi mbuzi, kusiyana kumeneku ndi kwa moyo ndi imfa. Ndipo njinga zambiri za kabaza ndi zangongole kapena za abwana. Injini ikaphulika, ngongole imatsala.

Nanga wonyamula fodya atani? Chimene iye akusowa si liwiro koma mphamvu yokoka, ndipo imeneyi imapezeka motsika mtengo posintha sipuloketi. Mwachitsanzo, kuchotsa ya kumbuyo ya mano 38 n'kuika ya mano 44 kumaonjezera mphamvu yokoka ndi magawo pafupifupi 16 pa 100, pomwe liwiro lapamwamba limatsikako. Kutsuka sefa ya mpweya kawirikawiri, kusintha oyilo pa nthawi yake, kutchera mavavu ndi kabureta, ndi kumanga tcheni bwino zimabweza mphamvu imene inatayika ndi kusasamala. Katundu naye akhale woyenera njingayo. Maulendo awiri ndi otchipa kuposa ulendo umodzi wothera kuchipatala.

Sitikunena kuti ana asiye kuyesa zinthu. Boma lathu lomwe lino ndi kwawo kwa William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene mu 2002, ali ndi zaka 14, anamanga makina amphepo opanga magetsi ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo zotayidwa ndi dayinamo ya njinga. Koma iye anayamba ndi kuwerenga mabuku a sayansi mu laibulale, kenako n'kugwira zitsulo. Wophunzira wofuna kumvetsa turbo angathe kuimasula yakufa n'kuona mafani ake, kapena kuiyesa pa injini yakale yomangidwa pa benchi, kutali ndi msewu, mothandizidwa ndi makaniko wodziwa. Ntchito yathu monga aphunzitsi idzakhala kumuthandiza kuwerengera mpweya, kutentha ndi mabuleki asanayatse makina owotcherera.