Mphepo Yocokera ku Dzuwa

Ana inu, kutali kumwamba kumene kulibe mpweya sikuli zii ayi. Dzuwa limatulutsa mphepo yacilendo, ya tinthu tating'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Imathamanga makilomita pafupifupi 400 pa sekondi imodzi. Imavunduka ngati mtsinje wosefukira, ndipo mphamvu ya maginito imene yanyamula imapotana nimanga mfundo zoyendayenda.

Tsono ganizani za mpira. Ukagunda phazi limene likubwera, umabwerera ndi liwiro lalikulu. Ukagunda phazi lothawa, umafooka. Tinthu tija timagundanso mfundozo kambirimbiri. Popeza timakumana kawirikawiri ndi mfundo zobwera kuposa zothawa, liwiro la tina limanka likula. Njira imeneyi anaiganizira Enrico Fermi mu 1949.

Tinthu taliwiroti tingaononge masetilaiti. N'cifukwa cace akatswiri amapenyetsetsa dzuwa usana ndi usiku.