Zodabwitsa 11 za mota ya makina otsukira mbale

Makina otsukira mbale akaima ntchito ili mkati, mlandu umagwera mota. "Yapsa basi," amatero ambiri, n'kuyamba kusaka ndalama. Musafulumire. Werengani izi, muone kuti ndi zingati zimene mukanalota.

1. M'makina ambiri, mikono yopopera madzi ija ilibe mota. Ndiye imazungulira bwanji? Taganizani kaye. Ndi madzi okha! Timabowo take n'topendekeka, choncho madzi akamatuluka mwamphamvu amaukankha mkonowo. Njere za ndimu zikatseka timabowoto, mkono umaima chilili, mbale n'kutuluka ndi mafuta ake, pomwe mota ili bwinobwino.

2. Mukuganiza kuti makinawa amadzaza madzi mpaka pamwamba? Ayi ndithu. Amathira malita ochepa pansi penipeni, ndipo pampu imazunguza madzi omwewo kudzera pa sefa, mobwerezabwereza. Makina amakono ambiri amamaliza ntchito yonse ndi malita 9 mpaka 12, chigubu cha malita 20 osatha. Koma sefa ikatsekeka ndi zotsalira za chakudya, pampu imasowa madzi n'kumakoka mpweya, ndipo phokoso lake mungalumbire kuti mota ikufa. Mankhwala ake? Kutsuka sefa pa mpopi.

3. Munthu akakuuzani kuti mota yafa, mufunseni kuti iti. Zilimo ziwiri: yaikulu yozunguza madzi otsukira, ndi yaing'ono yotulutsa madzi akuda. Makina ena akale, makamaka a ku America, ankakhala ndi imodzi yokha. Ikazungulira kwina inkatsuka, ikatembenuka inkataya madzi.

4. Zulani pulagi, muchotse sefa, mupeze kagudumu kamapiko ka pampu yaing'ono ija, ndipo samalani ndi zidutswa za magalasi. Kazungulitseni ndi chala. Mumva kakuyenda modumphadumpha, ngati pali chokagwira. Kawonongeka? Ayi, kali moyo! Mkati mwake muli maginito, ndipo ndi amene amakakoka choncho. Kokayikitsa ndi kamene kauma gwa, kapena kamene kakuzungulira mopepuka popanda chokoka chilichonse.

5. Mota yongolira kuti ng'uuu koma osazungulira ikukuuzani nkhani yabwino: magetsi akufika. Oganiziridwa ndi awiri. Woyamba ndi kanthu kamene katsamwitsa kagudumu, kaya kafupa ka nkhuku, kaya kachidutswa ka tambula, kaya kamtengo kotokosera m'mano. Wachiwiri, pa mota zamtundu wakale, ndi kapasita, kachitini kakang'ono kothandiza mota kunyamuka. Kapasita ikafooka, mota imalephera kudzuka, imatentha, kenako imadzizimitsa yokha. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mota. Koma apa tcherani khutu, chifukwa si zocheza: kapasita imatha kusunga magetsi ngakhale mutazula pulagi, ndipo imaluma. Ngati simudziwa kuichotsa mphamvu, isiyireni mmisiri.

6. Nanga mota ikangoti zii, osalira n'komwe? Yang'anani chitseko. Pa loko pali kaswichi kouza makina kuti kwatsekedwa, ndipo kakapanda kutero mota siloledwa kudzuka. Mawaya odutsa m'munsi mwa chitseko nawonso amapindika tsiku ndi tsiku mpaka wina amaduka mkati, kunja akuoneka wathunthu. Mota yonse ija imamvera kaswichi kochepa ngati chala.

7. Pali vuto lina lotembenuka: pampu yotaya madzi ikukana kuzima, ikungolira ngakhale m'makina mwauma. Ambiri amati bolodi loyendetsa makina lasokonekera, chonsecho likugwira ntchito yake. Pansi pa makina pali thireyi, ndipo m'thireyimo muli kapulasitiki kopepuka koyandama. Madzi akadonthera mmenemo kamakwera n'kukankha swichi, makina n'kutseka madzi olowa ndi kuyatsa pampu kuti khitchini yanu isasefukire. Makina a Bosch amalemba E15 zikatero, pomwe E24 ndi E25 zimaloza ku njira yotulukira madzi ndi pampu yake. Tsopano lotani chimodzi mwa zoyambitsa E15. Ndi sopo wamadzi wotsukira mbale pamanja! Thovu lake limafufuma, limasefukira m'thireyi, makina n'kuganiza kuti abooka. Kupukuta thireyi kumazimitsa chizindikirocho, koma ngati pali paipi yodontha chibweranso, ndiye fufuzani kumene madziwo achokera.

8. Pa soketi ya ku Malawi, ku South Africa kapena ku Britain pamatuluka ma volt 230. Koma mkati mwa makina amakono muli oposa pamenepo. Bolodi limasandutsa magetsiwo kukhala a DC, pafupifupi ma volt 325, kenako limawagawira mota kudzera m'mawaya atatu, mosinthanasinthana. Mota yotereyi musayerekeze kuilumikiza mwachindunji ku soketi kuti muiyese. Amisiri amaiyesa itachotsedwa ku magetsi, ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi: waya woyamba ndi wachiwiri, wachiwiri ndi wachitatu, wachitatu ndi woyamba. Manambala atatuwo ayenera kufanana kapena kuyandikana kwambiri. Nambala imodzi ikasiyana patali ndi zinzake, wolakwa mwamugwira. Chodabwitsa china n'chakuti bolodi limadziwa mmene mota ikuyendera poona magetsi amene ikudya. Ikalemedwa limadziwa, ikapepukidwa chifukwa chosowa madzi limadziwanso. N'chifukwa chake chizindikiro chonena za mota nthawi zina chimatanthauza kuti mpopi wolowetsa madzi sunatsegulidwe mokwanira.

9. Mota yodwala imapha bolodi. Madzi akamadontha pa labala wotseka pamene mota yalumikizana ndi pampu, mawaya a m'mota amatha kugundana, n'kukoka magetsi ochuluka mpaka kuwotcha relay kapena tizipangizo tina ta pa bolodi. Mukaona chipsera chakuda pa bolodi n'kuthamangira kugula latsopano musanayese mota, nalonso likhoza kupsa pa kutsuka koyamba. Ine ndimati mmisiri wosintha bolodi asanayese mota akuseweretsa ndalama zanu. Adani ena a bolodi ndi magetsi obwera ndi mphamvu akayaka pambuyo pozima, komanso mphemvu. Inde, mphemvu! Zimakonda kufunda ndi chinyezi cha mmenemo, ndipo imodzi ikagona podutsa magetsi, makina onse amagona nayo.

10. Makina amenewa anatchuka chifukwa cha mayi. Josephine Cochrane, wa ku Shelbyville m'chigawo cha Illinois ku America, anatopa kuona mbale zake zadothi zamtengo wapatali zikubenthuka potsukidwa. Anapanga makina opopera madzi a sopo pa mbale zoikidwa m'timakola ta waya, ndipo boma linamupatsa chiphaso cha umwini wa luso lakelo mu December 1886. Mu 1893 anakawaonetsa pa chionetsero chachikulu ku Chicago, ndipo ogula ambiri anali mahotela ndi malo odyera. Kampani yake inadzagulidwa ndi kampani ya Hobart, eni dzina la KitchenAid pa nthawiyo. Nanga mota ya makina ake oyamba inali yotani? Unali mkono wa munthu wopukusa chogwirira.

11. Ku Ulaya kukonza makinawa kuli ndi lamulo lake. Kuyambira pa 1 March 2021, mayiko a European Union amakakamiza opanga makina otsukira mbale kuti mota, mapampu ndi mabolodi zizipezeka kwa amisiri kwa zaka zosachepera 7 kuchokera pamene mtunduwo wasiya kugulitsidwa. Mikono yopopera, masefa ndi malabala a pa chitseko ndi zaka 10, ndipo izi aliyense angathe kugula. Katunduyo ayenera kufika pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Lamuloli silifika kwathu kuno, choncho musanagule makina, kaya atsopano kaya a kaunjika, funsani wogulitsa kumene mukapeze pampu ndi bolodi la mtundu umenewo, ndipo lembani nambala ya makinawo imene ili m'mphepete mwa chitseko.