Msana wosamva panado

Ku Phalombe, kuwawa kwa msana si nkhani yothamangira nayo kuchipatala. Munthu amene walima nandolo m'tsinde mwa phiri la Michesi kwa zaka zambiri, kapena amene amakankha njinga ya matumba kupita kumsika wa Migowi, akati msana ukuwawa, anzake amangoti ndi khasu limenelo, ndi ukalamba. Amagula panado pagolosale n'kukagona. Ndipo kawirikawiri anzakewo amakhala akunena zoona.

Koma ulipo msana wina wosamva panado. Umawawa miyezi n'kumapita, mwiniwake akuyera m'manja ndi m'maso chifukwa magazi akuchepa, akutopa asanagwire kanthu, chibayo chikumubwerera pafupipafupi. Pena fupa limathyoka pongonyamula ndowa. Imodzi mwa nthenda zimene zimabwera chonchi ndi multiple myeloma, khansa ya m'mafuta a m'mafupa.

M'mafuta amenewo muli maselo amene ntchito yawo ndi kupanga ma antibody, timapuloteni timene timakakamira tizilombo toyambitsa matenda kuti chitetezo cha m'thupi chitione n'kutipha. Selo limodzi likasokonekera, limaswana mosalekeza, n'kumatulutsa puloteni imodzimodzi yopanda ntchito. Puloteniyo imatseka impso, maselowo amapanikiza anzawo opanga magazi, ndipo fupa limadyeka m'kati ngati chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe.

Chodabwitsa n'choti luso lopangira mankhwala atsopano a nthendayi linachokera ku nthenda yomweyi. Mu 1975, ku Cambridge m'dziko la Britain, Georges Köhler ndi César Milstein anatenga maselo a myeloma a mbewa, amene saleka kuswana, n'kuwalumikiza ndi maselo abwinobwino opanga ma antibody. Anapeza njira yopangira antibody wa mtundu umodzi wochuluka mmene munthu angafunire. Analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1984.

Panadutsa zaka 40 kuti lusolo litembenukire myeloma mwiniwake. Mankhwala ake ndi daratumumab, amene m'masitolo a mankhwala amadziwika ndi dzina loti Darzalex. Anayambitsidwa ndi kampani ya ku Denmark ya Genmab, ndipo mu 2012 kampani ya Janssen inatenga chilolezo chowapititsa patsogolo. Amalawi ambiri anazolowera mawu oti CD4 chifukwa cha HIV. Apa dzina ndi CD38, kachizindikiro kamene kamachuluka pakhungu la maselo a myeloma. Mankhwalawa amakakamira pomwepo, ngati kuika choko pa thumba loti lichotsedwe, ndipo chitetezo cha m'thupi chimabwera kudzamaliza.

Poyamba anawayesa pa odwala amene mankhwala ena angapo anali atawakanika. Pa kafukufuku wotchedwa SIRIUS, wa anthu 106, nthenda inabwerera m'mbuyo mwa anthu pafupifupi atatu pa 10 aliwonse. Chiwerengerocho chingaoneke chochepa, koma awa anali anthu amene madokotala anali atatsala pang'ono kugwa nawo mphwayi. Bungwe la FDA la ku America linavomereza mankhwalawa mu November 2015. Chaka chotsatira kunatuluka zotsatira za POLLUX, kafukufuku wa odwala 569: mwa amene anawonjezeredwa daratumumab pa mankhwala a lenalidomide ndi dexamethasone, 83 pa 100 aliwonse anatha chaka ali moyo nthenda isanakule, pomwe mwa amene sanawonjezeredwe anali 60. Sachiritsiratu, tisanamizane. Amagulira munthu zaka.

Nanga zakazo zingafike bwanji ku Nkhulambe kapena ku Chiringa m'boma la Phalombe? Funsoli si lachibwana, chifukwa nthendayi imakonda anthu akuda. Ku America imawagwira kawiri kuposa azungu, ndipo kafukufuku wina wa ku Ghana anapeza kuti chizindikiro choyambirira cha nthendayi m'magazi chimapezekanso kawiri mwa amuna a kumeneko poyerekeza ndi azungu a ku Minnesota. Komabe anthu akuda anali ochepa kwambiri m'makafukufuku akuluakulu a mankhwalawa.

Ndalama ndiye khoma loyamba: ku America, mankhwala a munthu mmodzi amapitirira madola 100,000 pachaka. Amafunanso filiji yosazima, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Diripu yoyamba imatha maola pafupifupi 7, namwino ali pafupi kuyang'anira ngati wodwala ayamba kubanika, ngakhale kuti kuyambira 2020 kuli jakisoni wapamimba wa mphindi zosapitirira zisanu. Wodwala amabwera sabata iliyonse kwa miyezi iwiri yoyamba, kenako pa masabata awiri aliwonse, kenako mwezi ndi mwezi. Werengani ndalama za kabaza ndi minibasi, muwonjezere za womudikirira.

Ine ndimaona kuti kwa Phalombe nkhondo ili kumayambiriro, osati pa botolo lodulalo. Bomali linakhala zaka zambiri likudalira chipatala cha mishoni cha Holy Family, mpaka pamene chipatala cha John Chilembwe chinatsegulidwa mu 2022. Kuyeza kuchuluka kwa magazi, kuona mmene impso zikugwirira ntchito ndi kujambula mafupa n'kokwanira kuti dokotala ayambe kukayikira myeloma, makamaka poti msana wotere umafanana ndi TB ya m'mafupa imene tonse timaiganizira msanga. Kutsimikiza kumafuna kupopa mafuta a m'fupa ndi kuyeza mapuloteni, ntchito ya zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene achikulire amati ku Gulupu. Ndipo mankhwala akale monga thalidomide, melphalan ndi bortezomib, amene bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2019, amathandiza ndithu ngati munthu wafika impso zisanafe.

Kwa amene ali ndi m'bale amene analandira daratumumab ku Joni kapena ku India, pali kanthu kamodzi koti akumbuke. CD38 imapezekanso pang'ono pa maselo ofiira a magazi, choncho mankhwalawa amasokoneza kuyeza kumene amachita ku labu asanamuike munthu magazi, ndipo kusokonezako kumatha kukhalapo mpaka miyezi 6 atasiya kulandira. Wodwala wotere akamabwera kumudzi, chikalata cha mankhwala ake chizikhala pamodzi ndi buku lake la kuchipatala.