Adzukulu a matchona ndi kalata yobadwira

Msewu wochoka ku Harare kupita ku Chinhoyi umadutsa pa Banket, katauni kozunguliridwa ndi minda ya fodya ndi chimanga. Mlendo akapatuka n'kulowa m'makomboni a m'mafamu, amamva agogo akukalipira adzukulu m'Chichewa, ndipo pakagwa maliro zilombo za gule wamkulu zimatuluka monga zichitira ku Dedza. Ndi mmenenso zilili ku Bindura, Shamva, Mazowe, Mvurwi ndi Marondera.

Makolo a anthuwa anachokera ku Nyasaland. Oyamba ankayenda wapansi kudzera ku Tete n'kuoloka Zambezi, otsatira anakwera malole a Ulere kapena kulembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi. Ambiri sanabwerere, ndipo kwawo anangoti ndi matchona. Doris Lessing, mlembi yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2007, anakulira pa famu pafupi ndi Banket, ndipo buku lake la mu 1950, The Grass Is Singing, likuonetsa nkhanza zimene antchito akuda ankakumana nazo m'minda ya azungu.

Pa famu mwini munda ndiye anali boma. Nyumba, phoso, sitolo, ngakhale sukulu, zonse zinali m'manja mwake, ndipo sukulu zambiri zinali zosalembetsedwa ku unduna. Mwana akabadwira pa komboni, azamba akumusambitsa, panalibe woganiza zokwera basi kupita kwa mlembi wa boma ku Bindura kapena ku Chinhoyi. Ntchito inalipo, nanga pepala la chiyani?

Mu 2000 boma la Robert Mugabe litayamba kulanda mafamu, funso lija linapeza yankho lowawa. Pa nthawiyo m'mafamu munali antchito oposa 300,000, ndipo ochepa kwambiri mwa iwo ndi amene anagawiridwa malo. Mzimbabwe wa Chishona anali ndi mudzi wobwererako. Mdzukulu wa tchona analibe, chifukwa Malawi ankangomumva m'nkhani za agogo. Chaka chotsatira, mu 2001, lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense yemwe akanatha kukhala nzika ya dziko lina anapatsidwa miyezi 6 kuti akane unzika winawo. Wogwira ntchito m'zigafa ku Trelawney sakanakwanitsa ulendo wa ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Harare kukakana unzika womwe sanaugwirepo n'komwe. Zitupa za ambiri zinali ndi chilembo A, kusonyeza kuti ndi alendo, ndipo pa chisankho cha 2002 anabwezedwa osavota. Bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ linayankhula mokweza, mpaka mlembi wake wamkulu, Gertrude Hambira, anathawa m'dzikomo mu 2010.

Chopweteka kwambiri n'chakuti vutoli limatsikira kwa ana. Mayi wopanda chitupa amavutika kutengera mwana wake kalata yobadwira. Mphunzitsi wachifundo amamulandira mwanayo m'kalasi, koma pofika Giredi 7, nthawi yolembetsa mayeso a ZIMSEC, kalata ija imafunidwa. Ku mpira nakonso ndi choncho. Mipikisano ya sukulu imafuna umboni wa zaka pofuna kuletsa chinyengo, motero mnyamata yemwe amazunguza anzake pa bwalo la fumbi la pa komboni amatsala kunja kwa mzere tsiku lomwe aphunzitsi a matimu akuluakulu abwera kudzaonera. Mtsikana wosiya sukulu pa msinkhu umenewo kawirikawiri amathera m'munda wa fodya kapena m'banja laubwana.

Komatu Zimbabwe yadyerera kwambiri luso la ana a obwera. Moses Chunga, katswiri wa Dynamos yemwe anakasewera ku Belgium, ndi wa magazi a ku Malawi. Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo a ku Malawi, anatsogolera timu ya dziko ndipo anamwetsa zigoli ku Portsmouth ndi Manchester City. Nyimbo za sungura, zomwe anthu a m'tauni ankazinyoza kuti n'za m'mafamu, zinakwezedwa ndi Nicholas Zakaria wa ku Mazowe ndi Alick Macheso wobadwira ku Shamva mu 1968, ndipo onsewa anaimbapo m'Chichewa mosabisa kwawo.

Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anakonza zinthu. Gawo 43 likuti munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanakhazikitsidwe, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala m'dzikomo pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Koma lamulo lolembedwa silifika lokha pa komboni. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linapeza kuti adzukulu a obwera ambiri adakalibe mapepala, pomwe bungwe la UNHCR linayerekeza kuti anthu pafupifupi 300,000 ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko.

Mu 2022 boma linatumiza alembi ake m'madera kwa miyezi 6, kuyambira Epulo mpaka Seputembala, kukapereka zitupa ndi makalata obadwira, ndipo mizere inali yaitali. Otsala ndi aja amene ofesi imawafunsa mboni ya wachibale wokhala ndi chitupa, kapena kalata ya imfa ya kholo lomwe linaikidwa kuseri kwa famu popanda wolemba dzina lake paliponse.