Chikopa cha nkhumba chatsegula maso a anthu 14

Anthu 14 analowa m'chipinda cha opaleshoni ali akhungu. Patatha zaka ziwiri, madokotala atawayeza, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali wakhungu. Onse akupenya! Atatu mwa iwo, a ku India, atavala magalasi owayenera anafika pa muyeso wa 20/20, kutanthauza kuona bwino lomwe ngati munthu amene sanadwalepo maso. Chimene chinawatsegula maso sichinachoke m'diso la munthu womwalira monga zinkachitikira kale. Chinachokera ku chikopa cha nkhumba. Imeneyi ndi nkhani yoimbira nthungululu.

Kuti tisangalale mokwanira, tiyambe taona kumene anthuwa anachokera. Kutsogolo kwenikweni kwa diso kuli kagalasi koonekera mkati kamene madokotala amakatcha cornea. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi theka la milimita basi, koma kuwala konse kolowa m'diso kumadutsa pamenepo. Matenda otchedwa keratoconus amagwira kagalasi kameneka, kawirikawiri munthu akadali wachinyamata. Kamayamba kupyapyala, kenaka kamatukumuka n'kusongoka. Zilembo pa bolodi zimaoneka ziwiriziwiri, nyali za usiku zimamwazika, magalasi amasinthidwa pafupipafupi mpaka onse kukanika. Ngakhale timagalasi tovala pa diso penipeni sitikhazikikanso. Chopweteka kwambiri n'chakuti mkati mwa disolo zonse zimakhala zili bwino. Munthu amachita khungu chifukwa cha kanthu kochepa ka pakhomo pa diso.

Chithandizo cha vutoli chinadziwika kale. Mu 1905, dokotala Eduard Zirm wa ku Olomouc anakwanitsa koyamba kuika cornea ya munthu wina m'diso la wodwala, ndipo m'kupita kwa nthawi njira yakhala yodula kagalasi kowonongeka n'kusokererapo ka munthu amene wamwalira atapereka maso ake. Koma opereka ndi ochepa. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti anthu pafupifupi 12.7 miliyoni padziko lapansi akudikira cornea, ndipo pa 70 zofunika imapezeka imodzi yokha. Kawirikawiri yopezekayo iyenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe milungu iwiri. Imafuna nkhokwe zapadera zosungiramo maso, dokotala wa dzanja lofewa wodziwa kusoka diso, ndi mankhwala odontheza kwa chaka kapena zaka zingapo kuti thupi lisaikane. Wosauka wa kutali ndi mizinda ikuluikulu ankangokalamba akudikira.

Ku Linköping, m'dziko la Sweden, akatswiri anakana kuvomereza kuti munthu azidikira imfa ya mnzake kuti apenye. Mu 2010 gulu la Per Fagerholm ndi May Griffith linalengeza kuti laika cornea zopanga m'maso mwa odwala 10. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ntchito inapitirira, ndipo mu Ogasiti 2022 magazini ya sayansi ya Nature Biotechnology inatulutsa zotsatira za gulu la Mehrdad Rafat ndi Neil Lagali a ku Linköping University, mogwirizana ndi kampani ya LinkoCare Life Sciences.

Nzeru yawo ndi yokoma kuimva. Cornea ya munthu inapangidwa makamaka ndi madzi ndi puloteni yotchedwa kolajeni. Kolajeni yemweyo ndi wodzaza m'chikopa cha nkhumba, chimene chimatsala chambirimbiri m'mafakitale a nyama. Akatswiriwo anamutenga n'kumuyeretsa kotheratu, osasiyamo selo ndi limodzi lomwe la nkhumba. Koma kolajeni payekha ndi wofewa, sangapirire m'diso. Apa ndi pamene pali luso lonse. Bango longounjika silikhala mphasa mpaka wosoka atadutsitsamo chingwe cholumikiza bango lililonse ndi linzake. Iwonso analumikiza timaulusi ta kolajeni kawiri: koyamba ndi mankhwala, kachiwiri ndi vitamini B2 wowalitsidwa ndi kuwala kwa UVA. Chotuluka chake ndi kachidutswa kofewa, kosunga madzi, kolimba, koonekera mbee, kamene asayansi amakatcha hydrogel. Anakapatsa dzina lakuti BPCDX. Ndipo tamverani izi: kamasungika mpaka zaka ziwiri, pamene cornea ya munthu kawirikawiri imangotha milungu iwiri.

Opaleshoni yakenso inasintha. Dokotala sachotsa cornea ya wodwala. Amangocheka pang'ono, ndi makina a laser kapena ndi zida wamba za pamanja, n'kupanga kathumba mkati mwa cornea momwemo, n'kulowetsamo kachidutswako. Palibe kusoka. Kagalasi kopyapyala kaja kamakhuthala, kusongoka kuja kumaphwa, ndipo kuwala kumayambanso kugwera pamalo pake.

Madokotala a ku Iran anachita opaleshoniyi pa odwala 12, a ku India pa odwala 8, onse pamodzi 20 amene keratoconus inali itawafika poipa. Mwa amenewa ndi mmene munali akhungu 14 aja. Mabala anapola msanga. Mankhwala oletsa thupi kukana anawadontheza milungu 8 yokha. M'zaka ziwiri zimene ankawayang'anira, palibe diso limene linakana kachidutswako kapena kuchita chipsera, ndipo cornea zinakhalabe zoyera. Amene sankathanso kuvala timagalasi ta pa diso anayambanso kuvala. Taganizani munthu amene ankagwidwa dzanja powoloka msewu, lero akuwerenga yekha mizere ya zilembo zing'onozing'ono pa chikwangwani cha dokotala, mzere ndi mzere mpaka m'munsi. Ha, chimwemwe chake!

Chimene chikundisangalatsa koposa n'chakuti akatswiriwa anaganizira wosauka kuyambira pachiyambi. Anasankha chinthu chotsika mtengo chopezeka paliponse, anapanga kachidutswa kotha kuyenda ulendo wautali osawonongeka, ndiponso njira ya opaleshoni imene chipatala chopanda makina odula chingaithe. Maiko amene alibe nkhokwe za maso, monga ambiri a mu Africa muno, ndi amene angapindule kwambiri.

Anthu 20 ndi chiyambi chabe. Pakufunika kafukufuku wa odwala ambiri ndi chilolezo cha mabungwe oyang'anira mankhwala kuti njirayi ifike m'zipatala. Koma chachikulu chatsimikizika: cornea itha kupangidwa, kusungidwa, kutumizidwa kutali ndi kubweza maso a munthu. Pakadali pano, wachinyamata amene akusintha magalasi kawirikawiri koma osaona bwino apite kwa dokotala wa maso msanga, chifukwa keratoconus ikapezeka isanakule pali njira zoiletsa kupitirira. Khungu la mtundu umenewu lili ndi mankhwala, ndipo mankhwalawo akuyandikira aliyense.